Thandizo la Ndalama kwa Achinyamata Osamalira Chilengedwe ku Mchinji: Mafunso ndi Mayankho

Mchinji, boma la anthu oposa 600,000 malinga ndi kalembera wa 2018, limadya za m'nthaka: fodya, mtedza, soya, chimanga ndi mbatatesi. Fodya amafuna mitengo ya zigafa, njerwa zimafuna nkhuni, ndipo matumba a makala sasowa pa njinga mu msewu wa M12 wopita ku Lilongwe. Kuno n'komwenso kumachokera mtsinje wa Bua, womwe umadutsa ku Kasungu ndi Nkhotakota mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi, choncho mapiri a Mchinji akameteka, ovutika si a Mchinji okha. Achinyamata a ku Kamwendo, Mkanda, Kapiri kapena Waliranji akakhala pansi kuti achitepo kanthu, nkhani imathera pa ndalama. Nawa mafunso omwe amabuka kawirikawiri.

Kodi thandizo limeneli ndi lotani, ndipo likusiyana bwanji ndi ngongole?

Ndi ndalama zomwe bungwe limapereka ku gulu kuti ligwire ntchito yomwe agwirizana, pa nthawi yomwe agwirizana, popanda kubweza kapena kulipira chiwongoladzanja. Apa ndi pomwe zasiyanirana ndi ngongole za kubanki, kapena zomwe anthu akhala akutenga ku NEEF. Kukula kwake kumayambira pa madola mazana angapo a ku America kufika pa masauzande makumi angapo. Kusabwezako sikutanthauza kuti ndi mphatso yoti olandira achite nayo zomwe akufuna. Gulu limasainira mgwirizano, limapereka malipoti ndi malisiti, ndipo ndalamazo nthawi zambiri zimabwera m'magawo. Gawo loyamba likapanda kulongosoledwa bwino, lachiwiri silituluka, ndipo mabungwe ena amalamula gululo kubweza zomwe zasokonekera.

Ndani amapereka ndalama zoterezi?

Thumba lodziwika kwambiri ndi Small Grants Programme ya Global Environment Facility, yomwe idayamba mu 1992 ndipo yakhala ikuyendetsedwa ndi UNDP m'maiko oposa 120, kuphatikizapo Malawi. Kwa zaka zambiri malire ake adali madola 50,000 pa pulojekiti imodzi, ngakhale magulu ochuluka amalandira zocheperapo. Osankha opambana ndi komiti ya m'dziko momwemo, osati anthu okhala ku New York, ndipo ndalamazo zimapita ku magulu a m'midzi ndi mabungwe omwe si aboma.

Kuno kwathu kuli Malawi Environmental Endowment Trust, yomwe ambiri amangoti MEET. Idakhazikitsidwa mu 1999, likulu lake lili ku Blantyre, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza mapulojekiti a zachilengedwe a m'midzi. Palinso matumba olunjika achinyamata okha. Mu 2024 Bloomberg Philanthropies idapereka madola 50,000 ku mzinda uliwonse mwa mizinda 100, umodzi mwa iyo Lusaka, kuti makhonsolo agawire magulu a achinyamata a zaka 15 mpaka 24 ndalama zapakati pa madola 1,000 ndi 5,000. Thumba limenelo lidali la mizinda, koma likusonyeza kukula kwa ndalama zomwe gulu longoyamba kumene lingayembekezere.

Maofesi a akazembe, mipingo ndi mabungwe akuluakulu ogwira ntchito m'boma nawo amapereka thandizo lotere nthawi ndi nthawi. Koma matumba amatseguka ndi kutsekeka. Kutsekedwa kwa USAID mu 2025 kudaimitsa mapulojekiti ambiri m'Malawi, ndipo magulu akulimbirana ndalama zochepa kuposa kale.

Nanga boma lilibe thumba lake?

Lili ndi njira zake, koma zambiri ndi zolipira anthu pa ntchito, osati zopereka ndalama ku gulu. M'bajeti ya 2018/19 boma lidapatula K5 biliyoni ya pulogalamu yoti achinyamata abzale ndi kusamalira mitengo. Pulogalamu ya Mbwezera Chilengedwe, yomwe imathandizidwa ndi World Bank kudzera m'makhonsolo, imalipira mabanja osankhidwa akakumba migula, kutseka zigwembe ndi kusamalira nkhalango za m'dera lawo.

Gulu la achinyamata lingapindule ndi boma m'njira ina. Mlangizi wa zankhalango amaphunzitsa kukonza nazale popanda malipiro, ndipo nthawi zina ofesi yake imakhala ndi njere ndi machubu. Ntchito ya gulu ikalowa m'mapulani a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, n'kukwera ku komiti ya chitukuko ya m'dera, ADC, imadziwika ku khonsolo. Izi n'zofunika chifukwa bungwe lililonse lofuna kugwira ntchito ku Mchinji limayamba ladzionetsa ku khonsolo, ndipo likafunsa za magulu omwe alipo, amatchulidwa ndi omwe maofesala akuwadziwa.

Kodi munthu mmodzi angapemphe payekha? Nanga wachinyamata ndi wa zaka zingati?

Matumba ambiri sapereka kwa munthu payekha, amafuna gulu lokhala ndi atsogoleri osankhidwa. Zaka zimasiyana malinga ndi wopereka. Ndondomeko ya achinyamata ya dziko la Malawi imati wachinyamata ndi wa zaka 10 mpaka 35, African Union imati 15 mpaka 35, pomwe United Nations imawerengera 15 mpaka 24. Gulu liyenera kuwerenga chilengezo bwinobwino lisanataye nthawi kulemba.

Mawu oti ntchito itsogozedwe ndi achinyamata amatanthauza kuti iwo ndiwo amapanga ziganizo ndi kusainira ndalama. Mphunzitsi, abusa kapena a mfumu angakhale alangizi. Opereka ndalama amafunanso kuona atsikana pa maudindo enieni, monga wapampando kapena msungichuma, osati maina awo pa kaundula pokha.

Ndi mapepala ati omwe gulu liyenera kukhala nawo?

Choyamba ndi malamulo a gulu olembedwa, kaundula wa mamembala ndi buku la maminitsi a misonkhano. Kalabu ya achinyamata imalembetsa ku ofesi ya achinyamata ya khonsolo ku Mchinji Boma, ndipo ikakula ingalembetsenso ku National Youth Council of Malawi, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996. Magulu a m'midzi otchedwa CBO amalembetsa ku khonsolo kudzera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Kenako pamafunika akaunti ya kubanki m'dzina la gulu, yosainira anthu awiri kapena atatu osachokera m'nyumba imodzi.

Ambiri amaganiza kuti popanda kulembetsa ngati NGO sizingatheke. Kulembetsa ku NGORA, bungwe loyang'anira ma NGO, kumafuna ndalama ndi malipoti a chaka ndi chaka omwe kalabu ya pamudzi singakwanitse, ndipo matumba ambiri ang'onoang'ono amavomera satifiketi ya khonsolo. Pomwe wopereka akufuna bungwe lalikulu, gulu lingapemphe mogwirizana ndi bungwe lolembetsedwa kale, malinga alemberane momveka kuti ndani agwira chiyani ndipo ndalama zingati zifika ku gululo.

Ndi ntchito ziti zomwe zikugwirizana ndi Mchinji?

Zomwe zikuyankha vuto looneka ndi maso pamalopo. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni ndi makala, ndiye ntchito yochepetsa nkhuni imamveka msanga. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo gulu lokhala pafupi ndi dothi labwino lingaphunzire kuumba, kuotcha ndi kugulitsa. Mchinji ndi kwawo kwa mtedza, ndipo makoko ake, pamodzi ndi zitsononkho za chimanga, amasanduka makala akapsa pang'ono, kusinjidwa ndi kuumbidwa. Koma gulu liyambe lafufuza mtengo, chifukwa makala amenewa akadula kuposa a mitengo, amayi pamsika sagula.

Alimi a fodya amafuna mitengo ya zigafa, choncho nazale ya nsungwi ndi keshya ili ndi msika pafupi. Msangu ndi gliricidia zimabwezera chonde m'munda, nkhani yomwe mlimi aliyense wolira ndi mtengo wa feteleza amaimvetsera. M'mphepete mwa Bua ndi Rusa, momwe madimba afika mpaka m'madzi, mukufunika mitengo yokonda chinyontho monga katope, mkuyu ndi mbawa, pamodzi ndi nsenjere ndi vetiva zogwira nthaka. Ulimi wa njuchi umapatsa anthu chifukwa chotetezera nkhalango, koma kupachika ming'oma m'nkhalango yotetezedwa ya Mchinji kumafuna chilolezo cha dipatimenti ya zankhalango.

Palinso zinyalala. Pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, pomwe maofesi a Malawi ndi Zambia adaphatikizidwa mu Disembala 2022, pamaima magalimoto akuluakulu, pamagulitsidwa chipisi ndi zakumwa, ndipo mabotolo ndi majumbo zimathera m'ngalande. Malawi idaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Gloria Majiga-Kamoto adalandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi. Gulu lotolera mabotolo kukagulitsa, kusoka zikwama za nsalu kapena kupanga manyowa ndi zinyalala za pamsika lili ndi lamulo kumbuyo kwake.

Kodi kulonjeza mitengo yambiri sikomwe kumakopa opereka ndalama?

Kale zinkatero, koma masiku ano funso lawo ndi loti yapulumuka ingati. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko limabzala mitengo mamiliyoni, ndipo yambiri siiona dzinja lotsatira. Malawi idalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030, ndipo lonjezo limenelo silingakwaniritsidwe ndi mbande zouma.

Ntchito yeniyeni imayamba mu Ogasiti ndi Sepitembala, pamalo apafupi ndi madzi osaphwa. Achinyamata amasefa dothi lakuda, kusakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana, n'kudzaza machubu. Amamanga kamthunzi ka udzu ndi kuthirira m'mawa ndi madzulo. Pakapita milungu ingapo amanyamula chubu chilichonse ndi kudula mizu yomwe yatulukira pansi, kuopa kuti mbande ingamere m'nthaka ya nazale n'kudzafa poizula. Kukatsala milungu yochepa kuti aokere, amachotsa mthunzi ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zizolowere dzuwa. Mbande yookedwa mu Disembala kapena Januwale imakhala ndi miyezi ya mvula yozikira mizu, pomwe ya mu Malichi imalowa m'chilimwe ikadali yanthete.

Zoopsa zimabwera anthu akakolola. Mbuzi ndi ng'ombe zimatayiriridwa, osaka mbewa amayatsa tchire, chiswe chimagwira bulugama. Bajeti yomwe ndalama zake zonse zathera pa tsiku lobzala, popanda za mpanda, kupalira ndi kulambula njira zotchinga moto, imasonyeza kuti olembawo sadaganize za Okutobala. Pa mtunda wa mamita 2 mbali zonse, hekitala imodzi imalowa mitengo 2,500, ndipo gulu la anthu 20 liyenera kudzifunsa ngati lingasamalire yoposa pamenepo.

Nthawi zina kubzala sikufunika n'komwe. Zitsa za tsamba, mombo ndi masuku zimaphukira zokha, ndipo ntchito ndi kusankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, kudulira zina, ndi kuteteza malowo ku moto. Njira imeneyi, yomwe Tony Rinaudo adayamba kuilimbikitsa ku Niger m'zaka za m'ma 1980, idabwezeretsa mitengo pa mahekitala mamiliyoni. Imafuna zikwanje ndi mgwirizano wa mudzi basi. Nako ku Kenya, gulu la Green Belt Movement, lomwe Wangari Maathai adayambitsa mu 1977, linkapatsa amayi kangachepe pa mitengo yomwe yapulumuka.

Achinyamata alibe malo. Ntchitoyi aigwirire pati?

Apa ndi pomwe mapulojekiti ambiri amagwera. Malo ochuluka ku Mchinji ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, pansi pa mafumu aakulu monga Mlonyeni, Mkanda, Zulu, Mavwere, Dambe ndi Mduwa. M'midzi ya Achewa munda umatsata kuchikazi, ndipo mnyamata yemwe ali pa chikamwini salimba mtima kubzala mtengo pa nthaka yomwe angadzaisiye. Mawu apakamwa a nyakwawa amakwanira mitengo ikadali yaing'ono, koma ikafika podula milimo, eni malo amatulukira.

Gulu lipemphe malo pa bwalo, pamaso pa anthu, ndipo mgwirizano ulembedwe: malire, zaka zogwiritsa ntchito malowo, mwini mitengo, ndi kagawidwe ka phindu. Asainire a nyakwawa ndi a gulupu, ndipo chikalata china chikasungidwe ku ofesi ya zankhalango. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020, limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawo zoyang'aniridwa ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi. Gulu logwirizana ndi komiti imeneyi limapeza malo ndi chitetezo nthawi imodzi. Sukulu, matchalitchi ndi mizikiti nazo zimakhala ndi malo, komanso anthu oyang'anira tsiku ndi tsiku.

Kodi pulopozo imafuna Chingerezi chapamwamba kapena katswiri wolipidwa?

Mafomu ambiri ali m'Chingerezi, koma owerenga amafunafuna mayankho, osati mawu akuluakulu. Vuto ndi chiyani ndipo lili pati, gulu lachitapo kale chiyani, lichita chiyani mwezi uti, apindule ndani, ndipo zidzadziwika bwanji kuti zatheka. Kulemba kuti chitsime cha mudzi wakuti chayamba kuphwa mu Sepitembala kuchokera pomwe phiri la kumtunda lidadulidwa kumagwira mtima kuposa ndime zitatu za kusintha kwa nyengo pa dziko lonse.

Njira yabwino ndi kukambirana zonse m'Chichewa, kulemba mfundozo, kenako kupempha mphunzitsi kapena ofesala wa achinyamata kuti athandize kuziika m'Chingerezi. Pulopozo yolembedwa ndi munthu wakunja imadziwika pa tsiku lomwe opereka ndalama abwera kudzaona malo, mamembala akalephera kufotokoza zomwe zili m'pepala lawo. Bajeti ikhale ndi mitengo yeniyeni ya machubu, makeni, wilibala ndi njere, yofunsidwa m'masitolo awiri kapena atatu. Ilembenso zomwe gulu likuikapo lokha: masiku a ntchito, malo, manyowa, makasu. Opereka ambiri amafuna gawo limeneli, ndipo zithunzi za nazale yomwe idayamba popanda thandizo ndi umboni woposa kalata iliyonse.

Ndalama zikabwera, mamembala angalandireko kanthu?

Pokhapokha ngati zidalembedwa m'bajeti ndi kuvomerezedwa. Thiransipoti ndi chakudya cha pa maphunziro zimaloledwa kawirikawiri, koma kugawana ndalama kapena kuzibwereketsa mwa katapira ndi kuphwanya mgwirizano. Nkhani ya alawansi yapasula magulu ambiri, choncho ndi bwino kuwerengera mamembala onse bajeti yonse pa tsiku loyamba, ndi kudziwitsa a mfumu ndi VDC kuchuluka kwa ndalama zomwe zabwera.

Msungichuma alembe chilichonse cholowa ndi chotuluka tsiku lomwelo. Wogulitsa manyowa pa ngolo alibe lisiti, koma angasainire kapena kudinda chala pa pepala lokhala ndi tsiku, katundu ndi mtengo. Ambiri adaphunzira kale mwambo umenewu ku banki m'khonde, komwe ndalama zimawerengedwa pamaso pa onse. Mitengo ya katundu imasinthanso. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo bajeti zolembedwa miyezi ingapo m'mbuyo zidaperewera. Zikatero gulu lilembere wopereka ndalama kupempha kusintha, lisadule ntchito mwakachetechete.

Angadziwe bwanji kuti chilengezo ndi chachinyengo?

Chizindikiro chachikulu ndi kupempha ndalama. Bungwe loona silifuna malipiro a fomu kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, silifunsa nambala yachinsinsi, ndipo siliuza gulu kuti lapambana pomwe silidapemphe. Mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook okhala ndi chizindikiro cha UNDP kapena cha boma, olamula kuwatumiza ku magulu ena asanatsegule fomu, ndi msampha. Zilengezo zenizeni zimatuluka m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, pa masamba a intaneti a mabungwewo ndi pa mabolodi a khonsolo, ndipo nkhani za m'boma zimamvekanso pa wailesi ya Mudzi Wathu. Pokayika, kufunsa ku ofesi ya achinyamata n'kotchipa kuposa kutumiza ndalama kwa munthu wosadziwika.

Popeza Chipata ili pafupi, angapemphe ku Zambia kapena kugwira ntchito ndi anzawo a kumeneko?

Matumba ambiri amagawidwa dziko ndi dziko, ndiye gulu lolembetsedwa ku Malawi limapempha ku Malawi. Koma kugwirizana n'kotheka, ndipo n'kwanzeru, chifukwa moto wa tchire ndi malonda a makala zimadutsa malire mosavuta. Anthu a mbali ziwirizi amamvana chilankhulo: Achewa amakumana ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Katete, ndipo Angoni a ku Mchinji ndi amodzi ndi a mfumu Mpezeni ku Zambia. Magulu awiri angapemphe lililonse kwawo, n'kugwirizana nthawi yolambula njira za moto pa phiri limodzi.

Kutsidyako kuli zophunzira. Bungwe la COMACO, lomwe lili ndi fakitale ku Chipata, limagula mtedza, soya ndi uchi kwa alimi omwe alonjeza kusiya kupha nyama ndi kuotcha makala, limawalimbikitsa kubzala gliricidia, ndipo limagulitsa katunduyo m'dzina la It's Wild! Ulendo wokaona zimenezi ungalembedwe m'bajeti. Mbande ndi njere zokha siziwoloka malire popanda chilolezo cha a zaulimi.

Ndalama zikatha, ntchito ipitirira bwanji?

Thandizo lotere limakhala la miyezi ingapo mpaka zaka ziwiri, ndipo fomu pafupifupi iliyonse imafunsa funso limeneli. Yankho loti gulu lidzapempha kwina silikhutiritsa. Lomveka ndi losonyeza chomwe chidzagulitsidwe ndi wogula: mbande za mango ndi malalanje omezanitsa kwa alimi, nsungwi kwa a fodya, mbaula pa tsiku la msika, uchi wa m'mabotolo pa Boma. Gawo la phindu libwerere m'thumba la gulu kuti ligule machubu ndi njere za chaka chamawa.

Vuto lina ndi la anthu. Achinyamata amakwatira, amapita ku sukulu, ena amanka ku Lilongwe kapena ku Joni. Gulu lomwe luso lake lonse lili mwa munthu mmodzi limatha iye akachoka. Udindo uliwonse ukhale ndi wachiwiri wake, mabuku asungidwe pamalo odziwika, ndipo ana a makalabu a zachilengedwe a m'sukulu zoyandikana aziitanidwa ku nazale kuti adzalowe m'malo. Lipoti lomaliza, lokhala ndi chiwerengero cha mitengo yomwe idali moyo mu Novembala, malisiti onse ndi kalata ya a gulupu, lisungidwe bwino, chifukwa wopereka ndalama wotsatira adzafuna kuliona asanawerenge pulopozo yatsopano.